Madala Kamtengeni, Amene Sanafike Pamwamba pa Sinai

Ndisananene kanthu, ndithokoze Mulungu amene watisiyira mpweya m'chifuwa pamene anzathu ambiri unawathera. Ndithokozenso Mayi Tembo a ku Chipata, amene anatsegulanso chitseko chawo ku Karama, muno mu Dubai, titatsala anthu ochepa. Mwezi uno chatha chaka chimwalirireni Bambo Yesaya Kamtengeni, amene tonse tinkawatcha Madala. Ndalemba chifukwa nkhani yawo ikuyendabe m'mafoni a anthu, koma ili pakamwa pa munthu wina, ndiponso anaidula mchira. Ine si mlaliki, ndimalera ana a eni m'nyumba ina m'dera la JLT. Ndinena zimene ndinaona ndi zimene ndinamva kwa eni ake.

Maliro awo ndinawaonera pa foni, ndili m'khitchini mwa madamu, madzi a mpope ndikuwasiya akutuluka kuti asamve kuti ndikulira. Malamulo a mliri sanalole kuti thupi lipite kwawo ku Ntcheu. Anawaika mumchenga, kupitirira Jebel Ali, ndipo onyamula bokosi anali anthu ovala zoyera za pulasitiki mpaka kumaso. Panalibe woimba. Munthu amene anatiphunzitsa nyimbo zonse zimene timaimba muno anatsikira m'manda kukumveka mphepo ndi magalimoto a mumsewu waukulu.

Madala ankalondera nyumba yosungiramo katundu ku Jebel Ali, ndipo anali atakhalitsa muno, moti atsikana ankawaseka kuti anafika nyumba zitalizitali zisanamere. Anali aafupi, a imvi za m'mbali, ndipo ankayenda monyang'ama ngati munthu woponda paminga. M'dziko lino mmene aliyense amaitanidwa kuti "my friend" kapena "habibi", iwo tsiku loyamba ankakufunsa chiwongo chako, ndipo sankachiiwala. Sabata yonse ndinkakhala munthu wongoitanidwa ndi chala, koma Lachisanu ndikangolowa kwa Mayi Tembo ndinkamva kuti, "Nambewe, mwafika? Ana a madamu ali bwanji?" Pamenepo ndinkakumbuka kuti ndili ndi kwathu.

Kagulu ka mapemphero ako anakayambitsa ndi iwo. Ankabwera pa basi ya kampani, kenaka sitima, atavala malaya oyera osita bwino, koma kuphazi kuli patapata za pulasitiki zobiriwira, zakalekale, zowakulira, lamba wake womanga ndi waya. Pakhomo pankakhala mulu wa nsapato zathu, koma zawozo ankaziika pazokha, kumanzere kwa chitseko, zitatsamira khoma. Khirisimasi ina tinawagulira nsapato zachikopa. Anathokoza, anazivala tsiku lomwelo, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi patapata zomwe zija.

Sanali munthu wofewa nthawi zonse. Ankaimbitsa nyimbo mochedwa kwambiri, ndime zonse, osadumpha, ife mitima ili pa nthawi yobwerera kwa amadamu. Ndi Mayi Tembo ankakangana pafupifupi Lachisanu lililonse za kufuula popemphera. Madala ankati Mulungu si gonthi, ndipo kuseri kwa khoma kwagona anthu ochokera ku shifiti. Ankati Eliya anaima pa phiri lomwelo la Mose nadikira Mulungu m'mphepo ndi m'moto, koma anamumva m'kamawu kakang'ono.

"Imwe a Madala," ankatero Mayi Tembo, "Eliya sanagwirepo nchito mu saluni. Lekani nipunde."

"Pundani, mayi, koma pundani chamumtima."

Inenso ndinalawapo. Tsiku lina popereka umboni ndinatcha madamu wanga Farao. Madala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nandifunsa ngati ana a Faraoyo ndimawapempherera ndikamawasambitsa. Ndinawakwiyira mwezi wathunthu. Sanandipepese, ndipo sanasiye kundifunsa za anawo.

Nsapato zachikopa zija zinapita kwa Limbani. Ameneyu anali mnyamata wa ku Balaka amene Madala anamupeza atakhala pakhonde la sitolo ku Karama, viza itatha, ntchito imene anamulonjeza kulibe, kuphazi kuli nsapato zong'ambika. Anamudyetsa, anamupezera pogona, anamulankhulira kwa kapitawo wa alonda, ndipo tsiku lokafunsira ntchito anamuveka nsapato zawo. Ankamutcha "mwana wanga". Limbani ankawanyamulira Baibulo, ndipo pa mapemphero ankakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Nkhani ya ku Sinai ankaidziwa pamtima kuposa tonsefe, pakuti Madala ankaikamba kawirikawiri, mpaka ena ankati, "Madala, khalas, basi, tinaimva imeneyo." Iwo ankangoti, "Munaimva ndi makutu," nkuyamba.

Nkhaniyo inali yotere. Mwini kampani yawo, mkulu wina wachikhristu wa ku Iguputo, atakalamba anafuna kukapemphera ku nyumba yakalekale ya amonke imene ili patsinde pa phiri la Sinai. Anatenga Madala kuti azikamunyamulira chikwama ndi kumugwira dzanja. "Ine, mwana wa Kamtengeni," ankatero, "kuphiri la Mose!" Anayenda m'chipululu chopanda ndi udzu womwe, mapiri ofiira ngati njerwa zootcha, mpaka anaona linga lalitali lamiyala lili m'chigwa, mitengo yochepa yobiriwira ili pambali.

M'kati mwa lingalo munali tinjira topanikiza, fungo la lubani, nyale zolendewera ndi zithunzi za anthu a maso akuluakulu. Madala anakulira m'tchalitchi cha makoma opanda kanthu, ndipo mtima wawo unayamba kuweruza. Anati anthu awa akugwadira mafano patsinde penipeni pa phiri pamene Mulungu analetsa mafano. Atawaonetsa chitsamba chimene amati ndi cha Mose, chobiriwira, chaminga, chogwera pakhoma, anapeza alendo akujambulitsa pamenepo, akuseka, nsapato zili kuphazi. Zinawapweteka. Anati m'mtima, ine ndiwaonetsa anthu awa mmene munthu wowerenga Mawu amayendera pamalo oyera.

Masana, bwana wawo atagona, anapita poyambira njira yokwera phiri. Anavula jombo ndi masokosi, nazibisa pansi pa mwala. Pamenepo panali bambo wina wa m'chipululu momwemo, Msilamu, woyendetsa ngamila. Ataona zimenezo anathamanga akuloza mapazi awo. "La, la, baba! No good!"

"Ndinamuyankha ndi Chingerezi changa cha pageti," ankatero Madala. "Holy ground, my friend. Nkumapita, chifuwa chili patsogolo."

Miyala inali yotentha ngati chiwaya, yakuthwa ngati mabotolo osweka. Poyamba ankaimba. Kenaka anasiya kuimba nayamba kuwerenga masalimo. Matuza anatuluka, anaphulika, mchenga unalowa m'zilonda, ndipo atacheuka anaona magazi pamiyala pamene anaponda. Pakati pa njira anakhala pansi. Kukwera sakanatha, kutsika sakanatha. Nsonga ya phiri ankaiona, ili apo. Azungu ovala nsapato zolimba ankawapitirira, ena nkuwajambula. Anapemphera kuti Mulungu awapatse mphamvu, kapena alankhule nawo liwu limodzi lokha. Kunali zii.

Chimene anamva chinali kupuma kwa ngamila. Bambo uja anali akuwatsatira chapatali nthawi yonseyo, podziwa kumene nkhaniyi ithere. Anagwaditsa ngamila, anawanyamula ngati mwana, nawatsitsa. Chipata cha amonke chinali chitatsekedwa kwa alendo, koma iye anagogoda mpaka chinatsegulidwa. Panatuluka mmonke wokalamba, wa ndevu zoyera, wovala zakuda, atanyamula beseni. Anagwada pansi, natenga mapazi a Madala nkuwaika pamiyendo pake. Anawatsuka, anachotsa timiyala ndi zala zake, anathira mafuta a azitona, namanga ndi nsalu. Sankamvana chilankhulo. Iye ankangoti, "Shwaya, shwaya," ndiye kuti pang'onopang'ono.

Pofika apa mawu a Madala ankasintha nthawi zonse. Ankati munthu amene anamutcha wopembedza mafano m'mawa ndiye anagwada pa mapazi awo madzulo. Jombo zija sizinapezeke, ndipo zikanapezeka sizikanalowa. Mwini ngamila anavula patapata zake nawaveka, iye nkubwerera kwawo wopanda nsapato. Ndi zimenezo zimene zinkatsamira khoma ku Karama.

Ankamaliza ndi mawu omwewo chaka ndi chaka. Mose anauzidwa kuti avule nsapato, koma iwo palibe anawauza, anadziuza okha. Ankati anapita kukafuna Mulungu pamwamba, osadziwa kuti akuwatsata pambuyo ndi ngamila.

Mliri utafika, zitseko zinatsekedwa. Ife okhala m'nyumba za amadamu tinatha miyezi osaponda mumsewu, ndipo Lachisanu linafanana ndi Lolemba. Limbani, wodziwa za mafoni, anatsegula gulu la pa foni kuti tizipemphererana mmenemo, iye nakhala woyang'anira. Madala anakondwa, anati mwana wanga watipulumutsa. M'mawa uliwonse Limbani ankatumiza uthenga wa mawu, ndipo ndisaname, mawu ake anali okoma. Gulu linakula. Munalowa anthu a ku Sharjah ndi a ku Abu Dhabi amene sanawaonepo Madala. Posakhalitsa anayamba kumutcha Limbani kuti Papa.

Lachisanu lina m'nyengo yotentha Limbani anati ali ndi umboni umene Ambuye anamuletsa kunena kufikira tsiku limenelo. Anati pobwera kutchuthi, mliri usanayambe, anadzera ku Iguputo nakwera phiri la Sinai wopanda nsapato. Ndinali ndikusita malaya a bwana, ndipo ndinaimika simbi. Zonse zinali mmenemo: jombo pansi pa mwala, miyala ngati chiwaya, magazi m'njira. Koma mwini ngamila anasanduka mthenga wa Satana wofuna kumubweza. Amonke anasanduka opembedza mafano omuseka. Ndipo iye anafika pamwamba, namva mawu akuti aliyense amene aime wopanda nsapato pamalo otentha dzuwa lili paliwombo, napemphera osasuntha, mliri udzapitirira nyumba yake ndi ya abale ake.

Ma "Amen" anagwa ngati matalala. A alendo aja sindiwadandaula, sankadziwa. Koma pakati pawo panali maina a anthu amene anakhala nafe pamkeka kwa Mayi Tembo, amene anaziona patapata zija ndi maso awo.

Mayi Tembo anandiimbira nthawi yomweyo. "Imwe Nambewe, mwamvela? Ndine ninamutenga ku eyapoti uja mwana. Ndeke yake inachokela ku Addis. Sinai yake ni iti?"

Madala poyamba sanamutsutse pagulu. Anandiuza kuti anamuimbira Limbani payekha kangapo, monga Mawu anenera za mbale wolakwa, koma foni sinayankhidwe.

Amene akudziwa Dubai adziwa chimene simenti imachita masana m'miyezi imeneyo. Panali mtsikana wina, Tiyamike, wa ku Mulanje, wogwira ntchito m'nyumba ina yaikulu. Mayi ake anali akudwala kumudzi. Anakwera padenga, anavula nsapato, naima mpaka pemphero lonse la Papa litatha. Khungu la kuphazi linasupuka. Sanathenso kuimirira, ndipo madamu wake anamubweza kwa amene anamupezera ntchito. Anagona pansi m'chipinda cha kumeneko masabata ambiri, kenaka anamukweza ndege. Mayi ake anachira, ndipo Limbani analengeza zimenezo m'gulu ngati chozizwitsa. Za mapazi sananene.

Apo ndiye Madala analankhula. Anatumiza uthenga wa mawu wautali, kumbuyo kukumveka malole a padoko. Anaikamba nkhani yonse mosafulumira, mpaka pa beseni ndi patapata. Pomaliza anati, "Limbani, mwana wanga, nkhaniyi tenga, ndi yaulere. Koma uitenge yonse. Watenga kupusa kwanga nkukusandutsa lamulo, beseni walisiya. Ana anga nonse, valani nsapato." Pansi pake anaika chithunzi cha mapazi awo, zipsera zoyera zili ngati mapu.

Mayi Tembo sanachedwe. Analemba kuti, "Wina aliyense amene anakwela alibe nsapato atumizeko mapazi yake tione."

Limbani anayankha ndi mawu ozizira. "Madala, with due respect, inu phiri lija linakukanani chifukwa cha chikhulupiriro chochepa. Nyengo yanu inatha. Mose anaona dziko ndi maso, koma wolowa anali Yoswa." Ndiyeno panatuluka kamzere kakang'ono kotuwa konena kuti Madala achotsedwa m'gulu. Mayi Tembo anatsatira. Ine ndinafunsa kuti, kodi tachotsa munthu amene anatisonkhanitsa? Kamzere kachitatu kanali kanga.

Ndinkayembekeza kuti anthu akale aja atuluka okha. Anatuluka awiri. Ena anandiuza kumbali kuti akudziwa kuti Madala akunena zoona, koma nthawi ndi yoopsa, ndipo munthu sungasiye pamene pali pemphero lamphamvu.

Kuyambira pamenepo Madala ankatiimbira mmodzimmodzi ndi mayunitsi awo, masana, nthawi imene ana a amadamu amagona. Ankaimbira ndi omwe anatsala kwa Limbani, amene ankayankha. Moni wawo unasintha. Ukangoyankha unkamva kuti, "Nambewe, mwavala nsapato?" Tinkaseka, kenaka ankawerenga salimo lalifupi, nkudula kuti aimbire wina.

Tsiku lina ndinawauza kuti akundikwiyitsa ndi kufatsa kwawo. Ndinawakumbutsa za Davide, mmene anadandaulira za bwenzi lodya naye mkate limene linamutukulira chidendene.

"Musandiyese mwala, Nambewe. Zikundiwawa. Chidendene chimenecho ndinachiveka ndine nsapato." Anapuma, napitiriza. "Koma mnyamatayo ndi mmodzi, ndipo njala ya ulemu ndimaidziwa, ndi yomwe inandivula jombo. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi ma Amen aja. Aliyense wa iwo ndimamudziwa chiwongo chake."

Sindinawamveponso akutchula dzina la Limbani.

Matenda anawapeza m'chaka chachiwiri cha mliri, atalowa m'nyumba zogona alonda. Ambulansi inawatenga m'mawa. Anandiimbira kamodzi ali kuchipatala, mawu akudukaduka. Sanafunse za gulu. Anafunsa ngati Tiyamike wayamba kuyenda. Ndinati ndamva kuti akuyenda ndi ndodo. Anati, "Mumuuze kuti shwaya, shwaya. Anga anapola." Amenewo ndiwo mawu awo omaliza kwa ine.

Asanathe masiku a maliro, wina amene anatsala m'gulu ananditumizira ulaliki wa Limbani. Limbani sanatchule dzina, koma anati tonse taona chimene chimagwera munthu wotambasulira dzanja pa wodzozedwa wa Ambuye. Pansi pake panali ma Amen. Ndinawerenga maina onse, limodzilimodzi, ndipo ndikanakonda ndikanapanda kuwerenga.

Patapita masiku Limbani anapita yekha ku Jebel Ali, atavala suti, kukapempha patapata zija. Anati akufuna kuzipempherera, ndipo ndi iye mwana wawo wauzimu. Amene ankagona chipinda chimodzi ndi Madala, bambo wa ku Nepal, ndiye anatifotokozera. Anamuyang'ana namuuza kuti, "Baba anavala popita ku ambulansi. Za ku wodi imeneyo sizibwerera. Khalas." Ndipo anatseka chitseko.

Limbani akadali muno. Gulu lake ndi lalikulu, ndipo ndamva kuti tsopano phiri lija analikwera kawiri. Ndimapempha Mulungu kuti andifikitse pokhululuka, ndipo ndikadali m'njira. Koma kukhululuka si kuvomereza bodza. Amene anapita ku Sinai ndi Bambo Yesaya Kamtengeni a ku Ntcheu. Sanafike pamwamba, anatsika pamsana pa ngamila ya Msilamu, ndipo mmonke anawatsuka mapazi. Sanachitepo manyazi kunena zimenezo.

Masiku opuma anasintha muno, ndiye tsopano timakumana Lamulungu. Tilipo ochepa, tonse timakwana pamkeka umodzi. Mayi Tembo amapemphera motsitsa mawu, ngakhale palibe amene amawaletsa kufuula. Nyimbo timaziimba ndime zonse. Pakhomo pamakhala kamulu ka nsapato, ndipo kumanzere kwa chitseko, pafupi ndi khoma, pali tailosi imodzi imene palibe amaikapo kanthu. Sitinapangane. Pakhomapo pali timizere tiwiri takuda pamene patapata zinkatsamira zaka zonsezo, ndipo mwini nyumba atabweretsa wopaka penti, Mayi Tembo anaima pamenepo mpaka anapadumpha. Mlungu wathawu kunabwera mtsikana watsopano wa ku Dowa. Anavula nsapato zake, anayang'ana malo opanda kanthuwo, naziika pamulu pamodzi ndi zathu. Atalowa, aliyense anadikira mawu a Madala amene sanabwere. Kenaka ndinamufunsa ndine chiwongo chake.

Inu amene mwawerenga, Ambuye asunge mapazi anu pa simenti yotentha ya dziko la eni. Akutetezeni kwa okutumani kumoto m'dzina lake. Pamene mwakhala pansi pakati pa njira, osatha kukwera, osatha kutsika, akutumizireni wokutsatani pambuyo, akhale wa mtundu uliwonse, ndipo akupatseni mtima wolola kunyamulidwa. Akufikitseni kwanu muli ndi mpweya, nsapato zili kuphazi. Amen.